Kodi ndizichita hayala ndekha galimoto yonyamula zinanazi?

Mayi wina wolima zinanazi kufupi ndi Limbuli ku Mulanje wandilembera imelo. Akuti mavenda amapikula kumunda kwake pamtengo wozizira, koma ku Limbe chinanazi chomwecho chimadula moti iye mwini sangachigule. Akufunsa ngati ndi bwino kusiyana nawo mavendawa n'kumachita hayala yekha.

Mayi, kudandaula kwanu n'komveka, ndipo alipodi mavenda odyera masuku pamutu alimi. Komabe ndalama yambiri imene mukuiona pakatipo imathera mumsewu. Chinanazi chimachoka kumunda pamutu kapena pa kabaza kukafika pamsewu wa tala. Apo chikwere lole, kaya yodzera ku Midima kaya ya ku Luchenza ndi Thyolo. Wokweza alipidwe, wotsitsa alipidwe, chiphaso cha msika chidulidwe. Dizilo amene loleyo ikumwa amachita kuchokera kunja, kudzera madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndiye akasowa kapena akakwera mtengo, hayala nayo imakwera tsiku lomwelo. Zinanazi zapansi zikaphwanyika ndi mabampu, venda amabweza ndalamayo pa zimene zafika zabwino.

Taonani anzanu a tiyi. Masamba akathyoledwa sagona kumunda, amayenera kufika kufakitale asanayambe kutentha n'kufiira. N'chifukwa chake alimi ang'onoang'ono amasonkhanitsa masamba pamalo amodzi opimira, galimoto n'kubwera pa nthawi yodziwika. Tiyi wokonzedwa amapita kumsika wa tiyi wa ku Limbe, wina n'kuwoloka malire kulowera ku Beira kapena ku Durban, ndipo pagawo lililonse wonyamula amadziwika katundu asananyamuke. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atakokolola milatho ndi misewu kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, tidaona tokha zokolola zikuwolera m'midzi pomwe m'tauni anthu akuzisowa.

Ndiye yankho langa ndi ili: nokha musachite hayala. Mwini lole amatchaja ulendo wonse, kupita ndi kubwera, kaya mwadzaza kaya katundu wanu ndi wa theka. Mukafika ku Limbe opanda wogula amene mwapangana naye, opikulitsa amadziwa kuti simungabwerere nazo, ndipo dzuwa likapendeka mtengo amatchula ndi iwo. Zimandipweteka kuona mlimi akugulitsa motaya chifukwa dalaivala akuliza hutala kuti azipita.

Gwirizanani ndi alimi anzanu okwanira kudzaza galimoto, mudule tsiku limodzi. Wogula mupezeretu pafoni musanagwire chikwanje, mtengo mugwirizaniretu. Dulani zongoyamba kupsa, osati zofewa, muyale udzu pansi, munyamuke m'bandakucha kusanatenthe. Mufunsenso eni magolosale a ku Limbuli ndi ku Chitakale ngati ali ndi katundu wochokera ku Limbe, monga shuga, sopo kapena simenti. Lole ikakhala ndi katundu wapobwerera, mwini wake savuta kutsitsa hayala.