Gavanala atakana lamulo la ku Washington, angamutani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena, akuti amva zoti ku America steti iliyonse ili ndi konsitichushoni yake, nyumba ya malamulo yake komanso gavanala wosankhidwa ndi anthu, ndiye akufunsa kuti "kodi amenewa si mayiko 50 ongogawana mbendera imodzi? Nanga gavanala atati lamulo la boma lalikulu la ku Washington sindikulifuna kwathu kuno, angamutani?"

Achimwene, yankho lachidule ndi loti gavanala akhoza kupinda manja osathandiza boma lalikulu, koma kuliimira panjira ndiye ayi. Anthu ambiri amaziphatikiza ziwirizi.

Mphamvu ma steti ali nazo ndithu, zambirinso. Kusintha kwa nambala 10 kwa konsitichushoni, kwa mu 1791, kumati mphamvu zonse zomwe sizinapatsidwe ku boma lalikulu zimatsalira ma steti kapena anthu, n'chifukwa chake masukulu, apolisi, malayisensi oyendetsera galimoto, maukwati ndi milandu yambiri zimasiyana ukangodumpha malire. Koma konsitichushoni yomweyo, gawo 1 ndime 10, imawamanga manja pa zina. Steti singasule ndalama yake, singachite pangano ndi dziko lakunja, ndipo msonkho wa katundu wolowa m'dziko singaike mwa yokha popanda Congress, nyumba ya malamulo ya boma lalikulu, kuvomera. Kenako gawo 6 limamaliza nkhani, malamulo akawombana, la boma lalikulu ndi limene limapambana bola likhale lopangidwa motsatira konsitichushoni, ndipo majaji a m'ma steti akuyenera kugonjera.

Steti ya Maryland inayesako mwayi. Inaika msonkho pa nthambi ya banki ya boma lalikulu ku Baltimore, wosunga ndalama wa pa bankiyo James McCulloch anakana kulipira, nkhani n'kukafika ku Supreme Court, khoti lalikulu la dziko lonse, ndipo mu 1819 jaji wamkulu John Marshall anati iyayi, amene ali ndi mphamvu yokulipiritsa msonkho ali ndi mphamvunso yokugwetsa, ndiye steti singakhale ndi mphamvu yotero pa chinthu cha dziko lonse.

Koma mpanda umene ine ndimauona wofunika kuposa onsewa ndi woteteza munthu wamba kwa gavanala wake yemwe. Poyamba kunalibe zimenezi, mu 1833 khoti linanena kuti maufulu olembedwa mu konsitichushoni aja akumanga boma lalikulu lokha, steti ichite zake. Zinasintha itatha nkhondo yapachiweniweni, mu 1868 ndi kusintha kwa nambala 14, komwe kunaletsa steti kumana munthu chitetezo chofanana pamaso pa lamulo. Apa ndi pamene panatsamira chigamulo cha mu 1954 chothetsa tsankho m'masukulu.

Ndiye funso lanu lija linayankhidwa pamsewu ku Little Rock, Arkansas. Pa 4 September 1957 gavanala Orval Faubus anaimika asilikali a steti otchedwa National Guard pa sukulu ya Central High kuti ana asanu ndi anayi achikuda asalowe. Mmodzi mwa iwo, Elizabeth Eckford wa zaka 15, anafika yekhayekha atanyamula mabuku ake, asilikali n'kumubweza, chikhamu cha azungu chikumukuwiza m'mbuyo mpaka pokwerera basi. Patapita masabata atatu pulezidenti Eisenhower anatumiza asilikali a boma lalikulu a gulu la 101st Airborne, komanso, apa ndi pomwe ine ndimaseka, analanda National Guard ya gavanala ija n'kuiika m'manja mwake, gulu lomwe lija linkatseka geti linayamba kulondera anawo. Chaka chotsatira majaji onse 9 a Supreme Court anasayina chigamulo choti palibe gavanala kapena nyumba ya malamulo ya steti imene ingazembe zomwe khoti lagamula.

Si ku America kokha ayi. Ku Germany ndime 31 ya konsitichushoni yawo imangoti lamulo la boma lalikulu limathyola la chigawo, moti konsitichushoni ya chigawo cha Hesse inakhala ndi chilango chonyonga mpaka anthu anakachichotsa ndi voti mu 2018, koma chinali cha papepala chabe poti dziko linathetsa kunyonga mu 1949. Ku India ndiye kolimba kwambiri, nyumba ya malamulo ya ku Delhi itha kudula steti pakati, ngati mmene Telangana inatulukira mu Andhra Pradesh mu 2014.

Za kupinda manja zija. Mu 1997 Jay Printz, mkulu wa apolisi wa dera lina ku Montana, anawina mlandu atakana kugwira ntchito yofufuza mbiri ya ogula mfuti yomwe Congress inamusenzetsa, khoti linati boma lalikulu silingatume apolisi a steti ngati anyamata ake. Nchimodzimodzi chamba ku Colorado, anthu anavota mu 2012 kuti akuluakulu azisuta, apolisi a steti sakumanga, koma lamulo la ku Washington loletsa lija silinafufutike, ndiye apolisi a boma lalikulu atabwera okha kudzamanga munthu, gavanala alibe pokanira.