Ngati Chifalansa chayamba kukukwanani, yambirani pa chimene mumakonda kale

Achimwene, mwati mwatha miyezi 5 mukuphunzira Chifalansa, changu chija chazirala, ndiye mukufuna buku lina komanso njira yoti musagwe ulesi. Za mabuku, anthu ena ayankha kale. Ine ndinena za ulesiwo, chifukwa unandigwirapo.

Chenjerani ndi mapulogalamu a pafoni aja owerengera masiku amene mwaphunzira mosadukiza. Ine ndinakhala ndi ina pafupifupi miyezi 7 osaphonya tsiku. Chakumapeto ndinkangosankha kaphunziro kosavuta, mphindi 2 ndisanagone, kuti nambala isagwe basi. Tsiku lina ndinakumana ndi bambo wina wa ku Senegal. Atandilonjera n'kundifunsa kafunso kakang'ono m'Chifalansa, pakamwa panga panangoti gwa. Pasanathe mlungu ndinaphonya tsiku limodzi, nambala inabwerera pa ziro, mtima unagwa, ndipo ndinasiya miyezi 3 yathunthu. Nthawi yonseyo ndinkasamala nambala, chilankhulo ayi. Mpaka lero zimandipweteka.

Chinandibweza ndi mpira. Ndinayamba kuonera zidule za masewero a Ligue 1, ligi yaikulu ya ku France, pa YouTube, oulutsa akulankhula Chifalansa. Mpira ndimaudziwa kale, ndiye maso akaona chochitika, khutu limangotola dzina lake. Woimbira akakweza khadi, womveka ndi carton jaune (khadi lachikasu). Chigoli chikakanidwa, hors-jeu (ofusayidi). Coup franc (firikiki), mi-temps (nthawi yopumulira), zonsezi zinalowa popanda kuloweza, ndipo m'mawa ndinkadzuka ndikufuna kuonera zina. Katswiri wa zilankhulo Stephen Krashen anafotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1980: chilankhulo chimalowa munthu akamamva kapena kuwerenga zinthu zoti akuzimvetsa, zongopitirira pang'ono pamene iye wafika. Ngati mpira simuukonda, tengani chanucho, kaya ndi kusoka, kukonza magalimoto kapena nyimbo zauzimu. Chofunika n'choti nkhaniyo muziidziwa kale.

Mukazolowera, onjezani Journal en français facile ya wailesi ya RFI ya ku France. Ndi nkhani za mphindi 10 zapadziko lonse, ndi yaulere pa intaneti, ndipo mawu onse amalembedwa. Mverani kaye osawerenga, kenako bwerezani mukuwerenga.

Koma musadzinamize ndi mafilimu okhala ndi mawu a Chingerezi pansi. Maso amathamangira kuwerenga, khutu n'kugona, filimu n'kutha osatolapo kanthu. Mawu apansiwo akhale a Chifalansa. Zikamathamanga kwambiri, YouTube imalola kutsitsa liwiro kufika pa 0.75. Makatuni a ana nawonso musawayese ofewa, ambiri amalankhula mothamanga ndi mawu opotoza, mungadzione ngati mbuli pachabe. Nyimbo ndi zabwino pokometsa mtima ndi kuwongola lilime, koma oimba amameza mawu, musaphunzirirepo galamala.

Anthu amene amati miyezi 3 mudzakhala mukulankhula bwinobwino, sindikugwirizana nawo, ndipo mawu otere ndi amene amagwetsa anthu mphwayi. Foreign Service Institute, sukulu yophunzitsa akazembe a dziko la America, inkawerengera maola a m'kalasi 600 mpaka 750 pa zilankhulo ngati Chifalansa, Chisipanishi ndi Chipwitikizi, kwa munthu woti Chingerezi ndi chake chobadwa nacho. Pa ola limodzi patsiku, ndi zaka pafupifupi 2. Ndiye pa miyezi 5 simunalephere kanthu, achimwene, ulendo ukadali m'mawa. Palibe angapirire zaka 2 pa chinthu chomunyansa, n'chifukwa chake ndikukakamira za mpirazi.

China, pezani munthu mmodzi woti muzitumizirana naye mauthenga a mawu pa WhatsApp, ngakhale nayenso akhale wophunzira. Mukadziwa kuti wina akudikira yankho lanu, ulesi umachepa. Ndipo mukafuna kusintha foni kuti izilemba Chifalansa, yambani mwaloweza pamene pali posinthira chilankhulo. Kuti mubwezere chilankhulo chakale, fufuzani mawu akuti paramètres (zosinthira za foni) ndi langue (chilankhulo).