Musafulumire kulonjeza kuti “pofika Khirisimasi ukhala uli kuno”

Anzanga amene mwafika kumene kuno ku UK mutasiya akazi kapena amuna anu kumudzi, musanatsegule fomu iliyonse yang'anani kaye chiphaso chimene inuyo muli nacho. Njira ija anthu amaitcha spouse visa, yoitanira mkazi kapena mwamuna wanu, makamaka ndi ya munthu amene ali ndi pasipoti ya Britain, kapena amene anapatsidwa kale chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, chomwe timangoti ILR. Ngati munabwera pa viza ya ntchito, mnzanuyo amabwera ngati wodalira inu, ndipo malamulo ake ndi ena. Kumenekonso khomo linachepa. Amene anapempha viza ya ntchito yosamalira okalamba ndi odwala kuyambira pa 11 Malichi 2024 saloledwa kubweretsa mabanja awo, ndipo ophunzira ambiri anatsekeredwa kale mu Januwale chaka chomwecho, kupatula ochita maphunziro a kafukufuku monga PhD. Ndikunena izi poyamba chifukwa pali anthu akulipira madobadoba ndalama zambiri pa njira imene iwo sangadutsemo n'komwe.

Kwa amene njirayi ndi yanu, nkhani yaikulu ndi ndalama. Kuchokera mu Julayi 2012 woitanayo ankayenera kusonyeza kuti amalandira £18,600 pachaka. Pa 11 Epulo 2024 boma linakweza kufika pa £29,000, msonkho usanachotsedwe. Mukagawa pa miyezi 12, ndi pafupifupi £2,417 pamwezi. Ndipo pa pempho loyamba lochokera kunja amawerenga malipiro a inu nokha. Akazi anu kaya ndi namwino ku Queens, amuna anu kaya ndi mphunzitsi wamkulu ku Dedza, malipiro awo a kumudzi salowa mu masamu amenewa. Adzayamba kuwerengedwa akafika kuno n'kupeza ntchito, pa nthawi yowonjezera viza.

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ngakhale amene ndalamazo amazipezadi. Njira yosavuta imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito kwa abwana amodzi kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mupereke ma payslip a miyezi yonseyo, masitetimenti a kubanki osonyeza ndalama yomweyo ikulowa, ndi kalata ya abwana yonena ntchito yanu, nthawi imene mwakhalapo ndi malipiro anu. Zitatuzi zigwirizane mpaka kapeni komaliza. Payslip ikati £1,983.40, sitetimenti isonyezenso £1,983.40. Mapepala omalizawo asapitirire masiku 28 pofika tsiku lotumiza pempho, choncho musawasonkhanitse mu Juni n'kudzatumiza mu Ogasiti.

Tsono taonani mmene ulendo wa ukwati womwewo umawonongera zinthu. Munthu amapempha tchuthi cha milungu isanu, itatu ya malipiro, iwiri yopanda malipiro, kuti akachite chinkhoswe, ukwati, n'kukaonekeranso kwa apongozi. Akabwerako payslip ya mwezi umenewo yatsika. Ngati muli pa malipiro okhazikika, amayang'ana mwezi wotsikitsitsa pa miyezi isanu ndi umodziyo; ngati mumalipidwa pa maola, monga ambiri a mashifiti, amaphatikiza miyezi yonseyo n'kupeza pakati pake. Mulimonsemo, mwezi umodzi ungakutsitseni pansi pa mzere wa £29,000 uja, ndiye muyenera kudikira kuti utuluke m'gulu la miyezi yowerengedwayo. Kusintha ntchito mukangobwerako kumachitanso zomwezo: mumalowa m'gulu lina limene amayang'ananso zonse zimene munapeza pa miyezi 12 yapitayo. Maganyu olipidwa pamanja, opanda payslip ndi msonkho, musawaganizire n'komwe.

Ndalama zosunga zingathandize, koma masamu ake ndi owawa. £16,000 yoyamba saiwerenga. Ngati mumalandira £25,000, ndiye kuti mwaperewera £4,000; chulukitsani kawiri ndi theka, kenako onjezani £16,000 ija, mupeza kuti mukufunika £26,000 m'banki. Wopanda malipiro aliwonse akufunika £88,500. Ndalamazo zikhale zitagona mu akaunti yanu kapena ya mnzanuyo kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo munene kumene zinachokera. Mphatso ya mbale imaloledwa ngati ili mphatso yeniyeni, koma ngongole ayi. Ndalama ya chipereganyu imene yangogwa mu akaunti sabata yatha, imene mwezi wamawa muyambe kubweza, sikuthandizani. Puloti ya ku Area 49 ndi chuma ndithu, koma kwa iwo si ndalama mpaka itagulitsidwa, ndalamazo n'kulowa m'banki ndi mapepala ake.

Palinso ena amene anatenga pasipoti ya kuno, kenako n'kubwerera kukagwira ntchito ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg, n'kukwatira komweko. Akafuna kubwerera ndi banja amadabwa kuti pasipotiyo payokha sikwanira. Ngati mukudalira malipiro, muyenera kusonyeza kuti ntchito ya kunjayo inkakupatsani ndalama yofika pa mzere uja, komanso kuti muli ndi kalata ya ntchito ya kuno yoyamba pasanathe miyezi itatu mutafika. Malipiro a makwacha, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi ochepa amene angafike pamenepo. N'chifukwa chake ambiri amatsogola okha, n'kugwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi, kenako n'kuitana banja. Ndi zopweteka, koma ndi bwino kuzidziwa musanagulitse katundu wa m'nyumba.

Za ukwati weniweniwo sizivuta kwambiri ngati mwakonzekera. Lamulo la maukwati la ku Malawi la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ngakhalenso wa mwambo. Koma munthu amene adzatsegule fayilo yanu sadziwa ankhoswe anu, ndipo zithunzi za nkhuku ya pa chinkhoswe sizilowa m'malo mwa setifiketi. Pezani setifiketi ya ukwati musanakwere ndege yobwerera. Ngati mmodzi wa inu anakhalapo pa banja lina, pakhale pepala la kukhoti losonyeza kuti linatha, kapena setifiketi ya imfa. Mawu akuti “tinasiyana kalekale, akwawo akudziwa” sagwira ntchito. Pepala lililonse la m'Chichewa limasuliridwe ndi womasulira wovomerezeka. Onaninso maina: ngati pasipoti ikuti Chimwemwe koma setifiketi inalembedwa Chimwemwe Grace, kapena tsiku lobadwa lasiyana, konzani kapena lembani kalata yofotokoza.

Amafunanso umboni wakuti banjalo ndi lenileni, ndipo apa anthu amapitirira muyeso. Simukufunika masamba 300 a WhatsApp. Sankhani pang'ono pa mwezi uliwonse, onjezani matikiti a maulendo anu, zidindo za m'pasipoti, malisiti a ndalama zimene mumatumiza, ndi zithunzi zochepa za nthawi zosiyanasiyana muli ndi abale a mbali zonse. Nyumba nayonso ikhale yokwana anthu awiri mosapanikizana. Ngati mukukhala m'kachipinda ka nyumba yogawana ndi anzanu, funsani alandilodi ngati angalembe kalata yovomereza munthu wachiwiri musanayambe china chilichonse.

Mnzanu kumudziko ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi mayeso a Chingerezi a mlingo wa A1, olankhula ndi kumva basi. Si ovuta, koma satifiketi ya MSCE silowa m'malo mwake, ngakhale munthu atakhoza Chingerezi ndi 1, pakuti Malawi sali pa mndandanda wa maiko amene UK imawatenga kuti ndi olankhula Chingerezi. Mayesowo akhale a bungwe limene boma la kuno linavomereza. Yachiwiri ndi kuyezetsa TB ku chipatala chimene Home Office, unduna wa kuno woona za maviza, inasankha, osati chilichonse chapafupi. Setifiketi yake imatha pakapita miyezi isanu ndi umodzi, ndiye musawatumize kukayezetsa inuyo ma payslip asanakwane.

Mtengo wa fomu uli pafupifupi £2,000 ndipo umakwera kawirikawiri. Pamwamba pake pali ndalama ya zaumoyo, £1,035 pachaka, imene pa viza yoyamba ya miyezi 33, yowerengedwa ngati zaka zitatu, imakwana £3,105, yolipiriratu. Akakana pempho, ya zaumoyoyo imabwezedwa koma ya fomu yapita. Yankho nthawi zambiri limatenga milungu 12. Musayese njira yachidule yowabweretsa ngati mlendo kuti mudzasinthire kuno. Viza ya mlendo sisinthidwa kukhala ya banja munthu ali m'dziko muno. Ndipo dobadoba akakuuzani kuti akhoza “kukonza” payslip kapena sitetimenti, thawani. Pepala labodza likhoza kutsekera mnzanuyo kwa zaka 10. Wopereka uphungu wa za viza kuno ayenera kukhala loya wovomerezeka kapena wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, imene kale inkatchedwa OISC. Funsani nambala yake, mukaione nokha pa intaneti.

Akafika, ulendo sunathe. Viza yoyamba ikamatha mumapemphanso ya miyezi 30, ndi ndalama zina, ma payslip ena ndi mayeso a Chingerezi a mlingo wa A2, ndipo ILR imabwera pakatha zaka zisanu. Pa nthawi yonseyi wobwerayo saloledwa kulandira thandizo la boma, koma ntchito akhoza kugwira. Yambani tsiku loyamba kusunga makalata ofika pa adiresi yanu m'maina a nonse awiri, a msonkho wa khonsolo (council tax), a magetsi, a kwa dokotala, chifukwa adzawafuna.

Chomaliza ndi cha inu oitana, abambo ndi amayi omwe. Kuno ndamvapo mawu akuti “ndinakubweretsa ndine, ndikubweza” m'nyumba zingapo. Pasipoti ya mnzanu ndi yake, asunge yekha. Ndipo wobwerayo adziwe kuti lamulo la kuno limalola munthu wa spouse visa amene banja lake latha chifukwa cha nkhanza za m'banja kupempha ILR payekha, osadikira zaka zisanu zija komanso osafuna siginecha ya amene anamuitana.