Achimwene a ku Ohio, mwanayo musamuletse mpira

Bambo wina amene wangosamukira ku Ohio wandilembera imelo. Mwana wawo wamkazi akufuna kulowa timu ya mpira wamiyendo, koma anzawo akuntchito awauza kuti kuno ku America masewerowa alibe anthu, angotaya ndalama.

Achimwene, mawu amenewa amandipweteka, chifukwa nanenso anandiuza zomwezo mwana wanga atayamba kundiumiriza kuti ndimugulire jezi. Ndikanakonda anzanuwo atabwera kubwalo lathu Loweruka m'mawa. Udzu ukadali ndi mame, magalimoto adzaza kale, mabwalo andandalikana mpaka uko. Makolo atambasula mipando yawo m'mbali mwa mzere, khofi m'manja, ndipo pa nthawi yopuma mayi wina amatsegula bokosi la malalanje odula kale, ana n'kumuunjirira. Tsiku lina kamtsikana ka m'timu mwathu kanagwa bondo n'kusupuka, kanangopukuta magazi ndi sokosi n'kuthamangira mpira bambo ake akadakuwa kuti kapume. Ndinayang'ana atsikana onsewo, ndinakumbukira azichemwali anga kumudzi amene ankangoima kuseri kwa golo, ife tikumenya chikulunga. Palibe anawaitanapo.

Izi sizinangochitika. Mu 1972 dziko lino linakhazikitsa lamulo lotchedwa Title IX, loletsa sukulu zolandira ndalama za boma kusala atsikana, ndipo pa zamasewero sukulu ndi makoleji zinayamba kutsegula matimu awo. Zipatso zake ndi izi: timu ya amayi ya America inatenga chikho cha dziko lonse mu 1991, 1999, 2015 ndi 2019. Fayinolo ya 1999 pa bwalo la Rose Bowl, pomwe anagonjetsa China pa mapenate, anthu opitirira 90,000 anaionera m'bwalomo. Ndiye ine ndikunena mosaopa kuti mpira ku America anaukuza ndi atsikana, amuna akungotsatira m'mbuyo. Temwa Chawinga wathu anamwetsa zigoli 20 mu 2024 ku Kansas City Current, n'kusankhidwa wosewera bwino koposa mu ligi yonse ya amayi ya NWSL, akusewera m'bwalo lomangidwira timu ya amayi. Chaka chomwecho Barbra Banda wa ku Zambia anagoletsa chigoli chimene chinapatsa Orlando Pride chikho.

Amunanso akwera, sindikukana. Pelé anabwera ku New York Cosmos mu 1975, koma ligi imene timuyo inkasewera inafa mu zaka za m'ma 1980. Chikho cha dziko lonse cha 1994, chimene chinachitikira kuno, chinakoka anthu oposa 3.5 miliyoni m'mabwalo, ndipo ligi ya amuna ya MLS inayamba mu 1996 ndi matimu 10 okha. Pofika 2025 anali 30. Beckham anafika mu 2007, Messi mu 2023. Koma zimandinyansa anthu akamati Messi ndiye wabweretsa mpira kuno. Nanga mabanja ochokera ku Mexico amene akhala akudzaza mabwalo zaka zonsezi? Nanga masapota a Atlanta United, amene anafikapo 70,000 pamasewero amodzi Messi asanabwere n'komwe?

Chimene chimandikwiyitsa kwenikweni ndi ndalama. Mwana akangooneka kuti ali ndi luso, amamuitanira ku timu yoyendayenda, ndipo kumeneko kholo limalipira madola masauzande pachaka, kuphatikiza mahotela ndi mafuta. Mnzake wa mwana wanga, yemwe ankachenjera kuposa onse, anasiya chifukwa mayi ake amagwira ntchito usiku ndipo sakanakwanitsa. Ndinalira tsiku limenelo. Dziko lolemera chonchi kusefa ana ndi chikwama cha makolo ndi chinthu chamanyazi, ndipo timu yawo ya amuna, imene inalephera ngakhale kupita ku chikho cha 2018, sidzafika patali mpaka zimenezi zitasintha.

Nanga inu muchite chiyani?

Mulembetseni ku ligi ya m'dera lanu, imene amati rec. Ndi yotchipa, ndipo makochi ake ambiri ndi makolo odzipereka. Nsapato gulani za kaunjika, mwendo ukukula. Akadzamuitana ku timu yodula, funsani ngati ali ndi thandizo la mabanja ovutika musanasainire chilichonse.