Blade pa TV ya kunyumba: mdima, timabokosi ndi mawu osamveka

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Iwo akuti anagula pamsika chimbale cha DVD chokhala ndi mafilimu 8, ndipo pakati pake pali Blade, ija ya Wesley Snipes yolimbana ndi anamapopa. Dandaulo lawo ndi lakuti pamalo amdima chithunzi chimasweka n'kukhala timabokosi, zolankhula sizimveka, koma mfuti zikalira ana amadzidzimuka kutulo, komanso pamwamba ndi pansi pali mizere yakuda. Akufunsa ngati TV yawo yawonongeka.

Achimwene, musapite nayo kwa mmisiri TV imeneyo, chifukwa vuto lalikulu lili m'chimbalemo. Chimbale wamba cha DVD chimalowa magigabaiti 4.7, ndipo malo amenewo ndi oyenera filimu imodzi ya maola awiri ngati Blade. Mukapanikizamo mafilimu 8, iliyonse imatsala ndi mamegabaiti pafupifupi 600, ndiye kuti wojambulitsayo anataya zambiri kuti zonse zikwane. Pulogalamu yochepetsa filimu imayamba kutaya zomwe ikuganiza kuti diso siliziona, makamaka kusiyana kwa mdima wandiweyani ndi mdima wopepuka. Pa filimu yojambulidwa masana zimenezi sizidetsa nkhawa, koma Blade, yomwe inatuluka mu 1998 motsogozedwa ndi Stephen Norrington, pafupifupi yonse imachitika usiku, m'zipinda zapansi ndi m'misewu yopanda kuwala, mwini filimuyo atavala chijasi chakuda.

Taonani gawo loyambirira lija, pomwe gulu likuvina ndipo magazi akuyamba kuvumba kuchokera kudenga. Pamenepo pakumana zinthu zonse zimene zimavuta kusunga m'fayilo yaing'ono: magetsi othwanima, anthu ambirimbiri oyenda nthawi imodzi, madontho osawerengeka, ndiponso mtundu wofiira. Mavidiyo a kunyumba amasunga mitundu mosalongosoka kwenikweni poyerekeza ndi kuwala, choncho chofiira chikachuluka chimayenderera m'mphepete ngati utoto pansalu yonyowa. Pa chimbale chabwino mumaona dontho lililonse likutsika pankhope ya mnyamata wosokonezeka uja. Pa chimbale chopanikiza mumangoona phala lofiira. Ine zimandipweteka, chifukwa gawo limeneli linakonzedwa mwaluso kwambiri.

Mizere yakuda ija si chilema. Filimuyi inajambulidwa motambalala kuposa TV yanu, ndipo mukaikuza kuti idzaze galasi lonse, mudula anthu a m'mbali pa nthawi ya ndewu.

Nkhani ya mawu ili ndi gwero lina. Phokoso la filimuyi linakonzedwera masipika a 5.1, kutanthauza atatu kutsogolo, awiri kumbuyo, ndi imodzi ya mabingu. Zolankhula zambiri zimadutsa mu sipika yapakati yokha. TV yanu ili ndi timasipika tiwiri, choncho zonsezo zimasakanizidwa, ndipo mawu a munthu amamira m'nyimbo ndi mfuti. Snipes mwiniyo amalankhula chapansipansi, monganso Kris Kristofferson amene akusewera Whistler, mthandizi wa Blade. Ngati kope lanu ndi lija lomasuliridwa m'Chichewa, monga ambiri opezeka m'misika ya m'malire muno, dziwaninso kuti womasulira amatsitsa phokoso lenileni kuti iye amveke. Sindikunyoza ntchito yawo, pakuti yathandiza ambiri kutsata nkhani, koma simungayeze nayo ubwino wa phokoso la filimu.

Yambani ndi zimene sizifuna metikali ngakhale imodzi. Musakweze kwambiri kuwala, komwe pa TV zolembedwa Chipwitikizi kumatchedwa Brilho, chifukwa chakuda chimasanduka phulusa ndipo timabokosi timaonekera kuposa kale. Pa zosankha za chithunzi pa TV sankhani Cinema, muonere madzulo mutazimitsa babu loyang'anana ndi galasi. M'makina a DVD fufuzani polembedwa DRC kapena Night, pomwe pamatsitsa phokoso lalikulu n'kukweza laling'ono, ndipo musankhe Stereo. Ngati muli ndi wailesi ya masipika akulu, ilumikizeni.

Pogula kope lina, funani chimbale cha filimu imodzi yokha. DVD ya PAL, womwe ndi mtundu wa kanema wogwiritsidwa ntchito kuno, ili ndi madontho 720 m'lifupi ndi 576 m'litali, Blu-ray ili ndi 1920 ndi 1080, pomwe ya 4K, yomwe Blade inatulukirapo mu 2020, ili ndi 3840 ndi 2160. Komabe musanyengedwe ndi nambala yolembedwa pa dzina la fayilo ya pa fulashi, chifukwa fayilo ya 1080 yopanikizidwa mpaka mamegabaiti 700 ikhoza kuoneka moipa kuposa DVD yeniyeni. Pa TV ya mainchesi 32, kwa ine Blu-ray ndi yokwanira, ndipo timchenga tosaoneka bwino timene mungaone m'chithunzi ndi ta filimu yomwe anajambulira, osati dothi. Ndikuchenjezeni chabe kuti kope loyera limaululanso ukalamba wa zopanga pa kompyuta, makamaka kumapeto pomwe thupi la Deacon Frost, mdani wamkulu wa Blade, likulumikizana ndi magazi atadulidwa pakati. Wogulitsa akalola, mupempheni akuikireni mphindi 10 zoyambirira musanalipire, ndipo muyang'anitsitse chijasi cha Blade ngati chikusiyana ndi mdima wa kumbuyo kwake.