Kwa mchemwali amene wangoyamba ntchito ku Lilongwe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wa zaka 24, kwawo ku Ntchisi. Wapempha kuti ndisamutchule dzina. Anaphunzira za akawunti, anakhala zaka ziwiri akuponya makalata ofunsira ntchito, ndipo mu Januwale anamulemba pa ofesi ina ku City Centre. Akukhala kwa azakhali ake ku Area 25, chipinda chimodzi ndi ana atatu. Kumapeto kwa kalatayo walemba kuti: "Malipiro akumatha tisanafike pa 20. Kumudzi akuti ndayamba kudzimva chifukwa sinditumiza zokwanira. Ndikafika kunyumba usiku ndimangofuna kulira. Kodi ndituluke ndikapeze kanyumba kangakanga? Kapena moyo wa m'tauni ndi womwewu?"

Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa inandibwezera m'chaka changa choyamba mumzinda uno. Ndiyambe ndi yankho lenileni: inde mutuluke, koma osati mwezi uno, ndipo osati kupita kulikonse kumene lendi yatsika.

Chimene chikukudyerani ndalama ndi mphamvu, choyambirira, ndi mtunda. Lilongwe anamangidwa momwazikana. Boma litaganiza zochotsa likulu ku Zomba, ntchito imene inatheka mu 1975, okonza mapulani anaika maofesi a boma ku Capital Hill ndi City Centre, mafakitale ku Kanengo, msika ndi depoti n'kutsala ku Old Town, pakati pake n'kusiya nkhalango ndi mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi. Ngakhale manambala a ma Area satsatana monga mmene malowo anakhalira, n'chifukwa chake mlendo amadabwa kuona Area 47 ili pafupi ndi tauni kuposa Area 25. Pa kalembera wa 2018 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ambiri mwa iwo amagona kutali ndi kumene amagwira ntchito. Vuto lina n'lakuti maminibasi ambiri amathira ku Old Town, ndiye munthu wa ku 25 wopita ku City Centre ayenera kutsika pa Area 18 n'kusakanso china chomufikitsa. Ulendo umodzi, kulipira kawiri. Madzulo chimodzimodzi.

Ulendo umenewo ndimaudziwa. Kudzuka kusanache, kusamba madzi ozizira a mu Juni, kufika pasiteji oitanira akukuwa "Tauni! Tauni! Malo awiri!" Ukalowa n'kupeza kuti ena mwa okhala m'katimo ndi anyamata ongodzadzitsa, basi ikayamba kudzaza iwo n'kumatsika mmodzimmodzi. Mukhala anayianayi pampando, chikwama pamiyendo, wina wakubayani ndi chigongono. Mu Okutobala mufika ku ofesi nsapato zitafiira ndi fumbi, mu Febuluwale zili matope okhaokha, moti ife tinkayenda ndi kansalu m'chikwama, kupukuta nsapato pakona tisanalowe pageti. Munthu amene wachita zimenezi m'mawa ndi madzulo, masiku asanu pa sabata, akafika kunyumba n'kupeza kuti alibe ngakhale ngodya yokhala yekha, misozi imabwera. Musadzione ngati ndinu wofooka. Mwatopa.

Ndiye mukamasaka nyumba, lendi ndi thiransipoti muziziwerengera pamodzi ngati chinthu chimodzi. Tengani pepala, lembani zimene mumalipira pa minibasi ndi kabaza pa tsiku, muchulukitse ndi masiku 22. Nambala imeneyo muiphatikize ku lendi ya nyumba iliyonse imene mukuiganizira. Mudzaona kuti chipinda chotchipa cha kutali nthawi zambiri chimaposa mtengo wa chipinda chodulirapo cha ku Kawale, Chilinde kapena Kauma, kumene tsiku lina mafuta akasowa mukhoza kuyenda wapansi n'kukafika ku ntchito. Ndipo mafuta amasowadi. Mizere ya galimoto pa mafilingi siteshoni taiona mobwerezabwereza kuyambira 2022, ndipo ikangoyamba, mtengo wa minibasi umakwera tsiku lomwelo.

Pa nkhani ya nyumbayi ndichedwepo, chifukwa apa ndi pamene atsopano ambiri amapwetekeka. Safunsa anadya phula. Musalipire kanthu musanafunse mafunso awa kwa alendi anzanu, osati kwa alandilodi okha. Mita ya magetsi ndi yanuyanu kapena ya pulote yonse? Ngati ndi yogawana, amagula mayunitsi ndani, ndipo akatha usiku zimatha bwanji? Ine ndinakhalapo pa pulote ya mabanja asanu, mita imodzi, ndipo mkangano wa mwezi uliwonse unali woti ndani akuphikira nyemba pa hotipuleti. Madzi amatuluka nthawi yanji? Pali malo amene mpope umayamba kudontha pakati pa usiku, ndiye muyenera kukhala ndi ndowa ziwiri kapena zitatu ndi tulo tochepa. Chimbudzi ndi bafa mukugawana anthu angati, ndipo amakolopa ndani? Limeneli musalione ngati funso laling'ono. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iyeyo. Yang'ananinso makoma, ngati pali mzere wa chinyezi m'munsi ndiye kuti madzi amalowa. Nyumba za m'mphepete mwa mtsinje zimatchipa pa chifukwa; a ku Mtandire akukumbukira mmene Lingadzi anasefukira mu Febuluwale 2017.

Mukapitenso kukaiona nyumbayo kutada. Njira yochokera pasiteji ndi yowala? Pali anthu oyenda? Pafupi pali bala imene idzakugonetsani m'maso? Inu ndinu mtsikana amene nthawi zina adzaweruka mochedwa, makamaka kumapeto kwa mwezi pamene a akawunti mumatseka mabuku. Ma ejenti ena amafuna ndalama yongokuonetsani nyumba; musapereke lendi m'manja mwawo, perekani kwa mwini nyumba, ndipo alembe risiti ngakhale pa pepala la m'kope. Alandilodi ambiri amafuna miyezi itatu poyamba. Onjezerani matiresi, mbaula, mapoto awiri, ndowa, loko wabwino. N'chifukwa chake ndati osati mwezi uno. Khalanibe kwa azakhali miyezi itatu kapena inayi, muziika padera ndalama ya zimenezi, ndipo muzigula chimodzichimodzi. Ngati pali mtsikana mnzanu wakhalidwe amene mungagawane naye nyumba ya zipinda ziwiri, ndi bwino koposa.

Azakhaliwo muwauze msanga, ndi ulemu. Anakulandirani pamene munalibe kolowera. Musadzangotulukira ndi kabaza wonyamula katundu Loweruka m'mawa. Muwakhazike pansi, muwafotokozere za mtunda ndi kutopa, muwapemphe kuti akaione nyumbayo limodzi nanu. Alandilodi akaona kuti muli ndi akuluakulu anu mumzinda muno amakusamalani mosiyana. Ndipo pamene mukadali pakhomopo, muziponyapo kanthu kodziwika mwezi uliwonse, kaya thumba la makala kaya mayunitsi.

Za malipiro tsopano. Si inu nokha amene ndalama ikukutherani m'manja. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo shuga, sopo, mafuta ophikira ndi lendi zinakwera pamene malipiro a anthu ambiri anatsala m'mbuyo. Zimenezo simungazisinthe. Zimene mungachite ndi zazing'ono koma zimathandiza. Werengani peyisilipi yanu, muone msonkho wa PAYE ndi penshoni; lamulo limati inu mudulidwe 5 peresenti, abwana aonjezere 10, ndiye funsani kuti ndalamayo ikupita ku kampani iti ya penshoni, ndipo muzipempha sitetimenti. Nkhomaliro muzitenga kunyumba m'kakontena, kapena lowani mmemo ndi anzanu. Chipisi cha pachiwaya tsiku ndi tsiku chimamaliza ndalama mwakachetechete. Inu muli ndi mwayi umene ena alibe: kwanu ku Ntchisi n'kufupi, ndipo kumalimidwa chimanga, nyemba, soya ndi mtedza. Pa nthawi yokolola, mu Meyi kapena Juni, gulani thumba kapena awiri a makilogalamu 50, muthire mankhwala, muzipita kuchigayo nokha. Wogula ufa wa m'timapepala tsiku lililonse amalipira kwambiri kuposa inu. Tomato, anyezi ndi kabichi, gwirizanani anthu atatu mukagule mopikula ku msika wa Wakawaka n'kugawana.

Chimodzi chokha ndikuchondererani: katapila musamuyandikire. Pa ofesi iliyonse pamakhala munthu wodziwa "wothandiza" amene amapereka ndalama lero lomwe, chiwongoladzanja chake n'kufika theka la zimene mwabwereka, ena n'kusunga khadi lanu la ku banki. Mukalowamo kamodzi, mwezi wotsatira mumayamba muli kale m'dzenje. Chipereganyu cha anthu anayi kapena asanu odziwana bwino, kapena banki m'khonde ya kutchalitchi, ndi zimene zinatigulira ambirife matiresi oyamba.

Ndafika pa nkhani ya kumudzi, imene ndikuganiza kuti ndiyo ikukuwawani kuposa zonse.

Chaka changa choyamba, foni ikangolira kamodzi n'kuduka, mtima unkagunda. Ndinkaimba, ndipo nthawi zonse kunali vuto lenileni: mwana wathamangitsidwa fizi, agogo akudwala, denga likudontha. Palibe amene ankanama. Ndinkatumiza pa Mpamba kapena Airtel Money chilichonse chimene ndinali nacho, kenako n'kukabwereka ya minibasi. Sindinkanena kuti ndikuvutika, chifukwa ndinkaopa kuwakhumudwitsa anthu amene anagulitsa mbuzi kuti ndiphunzire. Iwo ankaona mwana wawo wa ku likulu, wovala bwino pa zithunzi za pa WhatsApp. Akanadziwa bwanji kuti masiku ena mgonero unali tiyi wopanda mkaka ndi mandasi awiri?

Pa Khirisimasi ndinapita kumudzi nditatenga peyisilipi ndi kope langa. Amayi anali pakhonde, lichero pamiyendo, akusankha nyemba. Ndinakhala pamphasa n'kuyamba kuwawerengera: iyi ndi imene ndimalandira, iyi ya nyumba, iyi ya minibasi, iyi ya magetsi ndi madzi, iyi ngongole. Anasiya kusankha nyemba zija. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, bwanji sunanene?" Pobwerera anandimangira ufa, nyemba ndi nkhuku yamoyo, ndipo anauza okha amalume kuti zopempha zonse zizidzera kwa amayiwo.

Sindikulonjeza kuti kwanu zidzayenda chimodzimodzi. Pali achibale amene adzanenabe kuti mwasintha. Koma chitani izi. Sankhani ndalama imene mungakwanitse mwezi uliwonse osabwereka, ngakhale ikhale yochepa. Muzitumiza tsiku lomwelomwelo, kwa munthu mmodzi, makamaka amayi kapena amene akusunga pakhomo. Thandizo lalikulu mulisungire nthawi ziwiri zimene limasinthadi zinthu: Okutobala ndi Novembala pogula feteleza ndi mbewu, komanso Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zapepuka. Thumba limodzi la feteleza lofika mvula isanagwe limaposa tindalama khumi totumizidwa mwadzidzidzi. Padera muzisunga kenakake ka maliro ndi matenda, chifukwa zimenezo sizipangana ndi munthu. Ndipo muziimba foni ngakhale tsiku limene mulibe chotumiza, kungofunsa mmene mvula yagwera. Nthawi zambiri mawu akuti "wayamba kudzimva" amabadwa pamene mwana wasiya kuimba chifukwa choopa kupemphedwa.

Mwafunsa ngati moyo wa m'tauni ndi womwewu. Mbali ina inde: magetsi azithima, monga anachitira kwa nthawi yoposa chaka namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndipo mtunda sudzafupika. Koma panopa mukudziwa msewu umodzi wokha, wochokera ku 25 kupita ku ofesi. Mzinda umayamba kukoma mukakhala ndi anthu. Lowani mlaga kapena mphakati wa kudera kwanu, kapena gulu la kumzikiti ngati ndinu Msilamu. Apatseni moni aneba, ndipo pakagwa zovuta pa pulote yoyandikana, pitani mukakhale nawo pansi ndi chitenje chanu ngakhale malemuyo simunawadziwe. Tsiku limene mudzadwale malungo muli nokha m'nyumba, amenewo ndiwo adzakuphikireni phala. Khalani ndi mayi mmodzi wa tomato amene akukudziwani nkhope, wakabaza mmodzi wodalirika amene muli ndi nambala yake. Loweruka lina mukasankhe kaunjika ku msika wa Tsoka ndi mnzanu, lina mukaonere mpira ku Bingu Stadium.

Koma kulirako kukapitirira masabata angapo, tulo n'kusowa, chakudya n'kusiya kukoma, musazisunge mumtima. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, ndipo ku chipatala cha Bwaila komanso cha St John of God ku Area 43 kuli anthu ophunzira amene ntchito yawo ndi kumvetsera ndi kuthandiza pa zotere.

Loweruka likubwerali, valani nsapato zofewa, mukwere mpaka pa ofesi yanu, kenako muyende wapansi kulowera ku Kauma, sabata inayo ku Kawale, mukuyang'ana wotchi. Mukafika, gulani tomato pa benchi ina n'kuwafunsa amayiwo ngati akudziwa pamene pali nyumba ya lendi. Mundilembere zimene mukapeze, pamodzi ndi nambala ija ya masiku 22.