Nkhadze kapena sayipuresi: yankho kwa mayi a ku Salima

Sabata yatha ndalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene angomaliza kumanga nyumba ku Salima, chakufupi ndi msewu wopita ku Senga Bay. Ndalama za mpanda wa njerwa palibe pakadali pano, ndiye akufuna mpanda wa zomera. Bambo a kunyumbako mtima wawo uli pa sayipuresi, poti anaiona ku Dedza itametedwa bwino, yobiriwira chaka chonse. Mayiwo akuganiza za nkhadze, chifukwa kwa aneba ilipo yambiri ndipo sangawalipiritse. Pakhomopo pali ana awiri aang'ono, madzi ndi a pamjigo. Funso lawo ndi lakuti adzale chiyani.

Mayi, ndikuyankhani mosazungulira: ku Salima sayipuresi muisiye. Koma nkhadzeyo musathamangire kuizunguliza nyumba yonse musanamve za utomoni wake.

Tiyambe ndi mtengo wa bambowo. Sayipuresi imene timaiona kwambiri kuno ndi ya mtundu wa Cupressus lusitanica, ndipo kwawo kwenikweni ndi kumapiri a ku Mexico ndi Central America. Kumeneko ndi komwenso kunachokera paini wa Pinus patula amene wadzaza ku Chikangawa ndi pa phiri la Zomba. Ndi mitengo ya kumtunda, kozizira, kumene nkhungu imagona m'mawa ndipo dothi silifulumira kuuma. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Salima ili pa mamita pafupifupi 500 okha. Kusiyana kumeneku mumakumva nokha m'thupi mu Okutobala, ndipo mtengo nawo umakumva. Zimene bambo anaona ku Dedza si luso la mwini mpanda lokha ayi, nyengo ya kumeneko ndi imene ikugwira ntchito yaikulu.

Sindikunena kuti mbande ya sayipuresi ingafe tsiku lomwe mwaidzala. Nthawi ya dzinja idzaoneka bwino ndithu, mpaka mudzayamba kundinena kuti ndimakuopsezani chabe. Mavuto amayamba mvula ikatha. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala mudzakhala mukusenza ndowa kuchokera kumjigo kuthirira mzere wonse wa mitengo, ndipo mpanda wozungulira poloti si mitengo khumi ayi. Mtengo wofooka ndi ludzu ndi umene chiswe chimaukonda. Wina ukauma pakati pa mzere, pamatsala mpata woti mbuzi izilowera, ndipo mbande yatsopano imene mungaikepo imavutika kupikisana ndi mizu ya inzake ikuluikulu.

Palinso nsabwe. Mu 1986 kuno ku Malawi kunapezeka koyamba mu Africa muno nsabwe ya mitengo ya sayipuresi, ya gulu la Cinara, ndipo m'zaka zochepa inafalikira mpaka ku Tanzania, Kenya ndi maiko ena, n'kuumitsa mitengo yambirimbiri. Kachilomboka kamayamwa madzi a m'nthambi, masamba amayamba kufiira kuchokera mkati, kenako nthambi yonse imauma ngati yawauka ndi moto. Akatswiri anabweretsa timavu tating'ono tomwe timapha nsabwezi ndipo zinthu zinayamba kupepukirako, koma sizinatheretu, ndipo zimavuta kwambiri nthawi yotentha ndi youma. Kwanuko nyengo yotero ndi ya miyezi yambiri.

Chinanso chimene ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu sakuuzani ndi chakuti sayipuresi siphukira pa nthambi yokalamba. Mukaisiya osaimeta kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako n'kuidula kwambiri mpaka kufika pamene palibe masamba, pamenepo padzakhala pouma mpaka kalekale. Imafuna kumetedwa pang'onopang'ono koma kawirikawiri, m'munsi mukhale motambalala kuposa pamwamba kuti dzuwa lizifika pansi. Mipanda yambiri ya m'matauni imene mumaiona yobiriwira pamwamba koma m'munsi muli mbee, nkhuku zikungodutsa, inalakwika pamenepa.

Wina angakuuzeni kuti ndiye dzalani mkungudza wa ku Mulanje, poti ndi mtengo wathu. Ndi wathudi, unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma kwawo ndi pamwamba pa phiri, mamita oposa 1,800. Ngakhale komweko watsala pang'ono kutheratu chifukwa chodulidwa ndi moto wolusa: kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha, ndipo panopa anthu ali kalikiliki kudzala ina. Si mtengo woti n'kuuzunza m'mphepete mwa nyanja.

Tsopano nkhadze. Chomera ichi, chimene a sayansi amati Euphorbia tirucalli, chimasunga madzi m'timitengo take tobiriwira tonga mapensulo, masamba ake ndi ting'onoting'ono ndipo sachedwa kuthothoka. N'chifukwa chake dzuwa la ku Salima, Balaka kapena Chikwawa silichiopsa. Makolo athu sanali opusa poizunguliza makola, minda ndi manda. Ziweto sizimaikonda, moto wa tchire suidutsa mosavuta chifukwa ndi yamadzi, ndipo ikagwira yagwira, simudzaithiranso madzi. Ndikudziwa kuti ena amainyoza kuti ndi chomera cha kumanda kapena cha kumudzi, mwina ndi zomwe zikuwabweza bambo. Koma nkhadze yometedwa mofanana, yofika m'mapewa, imaoneka bwino kuposa sayipuresi yodwala. Kumaiko akunja anthu amachita kuigula m'miphika n'kuika pabalaza.

Kadzalidwe kake n'kosavuta. Dulani nthambi zokhwima zotalika ngati mkono wanu, muziike pamthunzi masiku angapo mpaka podulapo pauma. Mukadzala yaiwisi m'dothi lonyowa imaola. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa chilimwe, mvula isanayambe kwenikweni, kusiyana ndi mitengo ina imene timadikira nyengo yodzala mitengo ya pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo. Kumbani kangalande kosaya, imikani nthambizo moyandikana, kwirirani n'kupondaponda. Ngati poloti yanu ili ndi dothi la makande lomwe madzi amadikha, kwezani mzere ngati wa mbatata n'kudzala pamwamba. Mdani wa nkhadze ndi madzi ochuluka, osati chilala.

Koma utomoni uja, mayi, si nkhani yamasewera. Mukathyola kanthambi kamodzi kokha, madzi oyera ngati mkaka amatuluka nthawi yomweyo n'kuyamba kudontha. Pakhungu amayabwa ndi kuotcha, ena amatuluka matuza. M'maso ndiye zoopsa: ululu wake ndi wosaneneka, diso limatupa, ndipo munthu akhoza kukhala osaona kwa masiku angapo, mwinanso diso kuwonongeka ngati thandizo lachedwa. Nthawi zambiri sikuti utomoniwo umachita kudumphira m'diso. Munthu amagwira nthambi, n'kuiwala, kenako n'kupukuta thukuta kumaso. Tsono taganizirani mwana wa zaka zitatu amene akusewera masanje, wapeza chomera chotulutsa "mkaka" woti aphikire tiyi anzake.

Zikachitika, tsukani disolo ndi madzi oyera ambiri, osalekeza kwa mphindi zosachepera 15, kenako thamangirani kuchipatala. Musataye nthawi kufunafuna mankhwala a pamudzi. Pometa mpanda valani magolovesi, malaya a manja aatali ndi magalasi, ndipo sankhani tsiku lopanda mphepo. Zodulazo musasonkhere moto wophikira, utsi wake umalowa m'maso, komanso musazitaye kumtsinje kapena padamu la nsomba chifukwa utomoniwo umapha nsomba.

Ndikanakhala ine pa poloti yanuyo, ndikanadzala nkhadze kumalire a kumbuyo ndi m'mbali zimene zayang'ana kutchire, kumene mbuzi ndi ng'ombe zimalowera, kutali ndi khitchini, pochapira ndi posewerera ana. Kutsogolo ndi pabwalo ndikanaika mpanda wa udzu kapena wa bango kwa zaka zingapo, uku ndikudzala zomera zopirira kutentha zopanda utomoni woopsa, monga bougainvillea yoyanga pa waya. Ili ndi minga, inde, koma minga mwana amaiona ndipo amaphunzira tsiku limodzi. Muonetsetsenso kuti mwagwirizana ndi aneba musanadzale pamalire, chifukwa nkhadze ikasiyidwa imakula kukhala mtengo wa mamita angapo, ndipo ana awo nawonso ali ndi maso.

Bambowo musawamane zonse. Ngati mtima wawo sukuchoka pa sayipuresi, agule mbande imodzi kapena ziwiri, adzale pamalo pamene dzuwa la masana silimenya kwambiri, pafupi ndi pomwe madzi otsukira mbale amatayidwa, aphimbire tsinde ndi udzu wouma koma usakhudze khungwa kuopa chiswe. Kuthirira kwake kukhale kwa iwowo, kumjigo azipita okha.